Tchizi wa pa Lenti wa a Fakhry

Yustina amasoka madiresi a ukwati m'dera la mumzinda lotchedwa Shubra, m'nyumba ya pamwamba penipeni, masitepe makumi asanu ndi limodzi kuchokera pamsewu. Ndi mkazi wosakhala pansi: singano kukamwa, tepi m'khosi, foni paphewa. Koma chaka chimenecho, Lenti itangoyamba, ntchito inaima chifukwa cha bambo ake.

Bambo akewo, a Fakhry, anagulitsa tchizi woyera pamsika zaka makumi anayi. Atadwala chibayo miyendo inangotsala ngati ndodo, moti panapita miyezi itatu osatsika masitepe aja. Dokotala anati mnofu subwerera popanda zakudya zomanga thupi: mazira, mkaka, nyama. Koma ife a mpingo wathu kuno, pa Lenti sitikhudza chilichonse chochokera ku chiweto masiku makumi asanu ndi asanu. Wansembe anakwera yekha kudzawauza kuti odwala ndi ololedwa. Mkuluyo anamuthirira tiyi n'kufunsa, "Nanga inu Abambo, mazirawo mukudya?" Nkhani inathera pomwepo. Liuma la anthu ena, ndithu!

Nyemba zinkawatupitsa mimba, mphodza zinawakola. Yustina anali ndi mantha kuti bambo ake sadzatsikanso masitepewo ndi miyendo yawo.

Tsiku lina Mayi Lin, mayi wa ku China amene amayenda khomo ndi khomo kugulitsa nsalu, anamupeza akulira pamakina. Mawa lake anabwera ndi kanthu koyera, kofewa, m'mbale ya madzi.

"Izi timati tofu. Ndi soya yekhayekha, mkaka mulibe. Agogo anga anafika zaka makumi asanu ndi anayi akudya zimenezi."

Yustina anatsala pang'ono kumunyamula. Anathamangira nayo mbaleyo kwa bambo ake, koma iwo atangoyang'ana anaikankha.

"Iwe Yustina, ukundiona ngati mwana? Ine tchizi ndingamudziwe ngakhale mumdima."

"Ababa, ndi soya! Tanunkhizani!"

"Fungo alibe, inde. Ndiye kuti ndi tchizi wa munthu wosadziwa ntchito. Chotsa!"

Wina akanagwa ulesi, koma osati Yustina. Ananyika soya, m'mawa n'kukokera mpando wa bambo ake kukhitchini. Anawapatsa soyayo kuti amugwire okha. Kenako anagaya, anawiritsa, nasefa pansalu yotsala ya diresi la ukwati. Munatuluka madzi oyera mbee! Mkuluyo anangoti kukamwa yasa. Ndiye Yustina anafinyiramo mandimu monga anamuuzira Mayi Lin. Anadikira. Madzi aja anayamba kugwirana ngati chambiko.

"Wagwira! Ababa, wagwira!"

"Usatakase, iwe! Ukuwononga!" Mkuluyo anali ataimirira osadziwa n'komwe. "Nsaluyo pinda kawiri. Mwala wanga uja uli kuti? Mchere unali wa amako kuti uziumira chonchi?"

Mwala wopanira tchizi unatuluka pansi pa bedi, pomwe unagona zaka zisanu ndi ziwiri. Masana amenewo anakazinga tofu ndi adyo, tomato ndi chitowe, ndipo a Fakhry anamaliza mbale yonse akudandaula kuti sakukoma. Yustina anakalowa kubafa n'kulira ndi chimwemwe.

Kuyambira pamenepo ntchitoyo inakhala ya a Fakhry. M'mawa uliwonse ankafinya, kupana ndi mwala, kukolowekera kathumba pakhonde kuti kadonthe. Ankadya katatu patsiku, ndipo Mayi Lin akabwera, mkuluyo ankamuphunzitsa mmene anthu a ku China ayenera kupangira tofu.

Kathumbako n'kamene kanaputa Mayi Nargis a m'nyumba ya pansi, amene maso awo sadutsidwa ndi kanthu. Sabata yachisanu anaima pamsewu n'kukuwa kuti aliyense amve.

"A Fakhry! Tchizi pa Lenti? Pa msinkhu wanuwo? Ambuye akuonani!"

Yustina anasiya makina kuti akawayankhe, koma anangomva chitseko chikuti phwa! Atatuluka anapeza bambo ake ali kale pamasitepe, dzanja lina pakhoma, lina lanyamula mbale, akulalata.

"Dikira pomwepo, Nargis! Ulawe ndi pakamwa pako pabodzapo!"

Yustina anafuna kuwagwira mkono, koma anabweza dzanja. Anangowatsatira pambuyo akuwerenga chamumtima. Khumi. Makumi atatu. Apa mkuluyo anaima, anapuma, napitiriza. Makumi asanu ndi limodzi.

Pamsewu Mayi Nargis analawa, nakwinya nkhope. "Ameneyu si tchizi."

"Ndimati chiyani ine!" Mkuluyo anatembenuka kuti mwana wake awachitire umboni, n'kuona akuseka misozi ili mbwembwembwe. "Nanga iwe chakuvuta n'chiyani?"

"Ababa, taonani pomwe mwaima."

A Fakhry anayang'ana pansi, nayang'ana khonde lawo kumwamba kuja. Kenako anapatsa Yustina mbale ija.

"Gwira. Poti ndafika kale pano, ndikaone anzanga kumsika."