Kalata Imene Ndinabisira Wezi

Ndinena mosapsatira mawu: ndinamana mwana mwayi wake, ndipo pochita zimenezo ndinkadziyesa wachifundo.

Ndine mphunzitsi wa sayansi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linanditumiza ku sekondale ina ya ku Nthalire. Tsiku lina wanjinga yamoto anabweretsa kalata yochokera ku bungwe lina. Ankafuna ana a Fomu 3 oti aphunzire za makompyuta atsopano otchedwa a kwantamu, amene akuti adzidzatha masamu okanika makompyuta wamba. Mayeso olowera anali a pa intaneti. Ndinangoseka. Kuno netiweki timakaigwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, mkono uli m'mwamba. Wofuna kulemba anayenera kupita ku Boma, ndiye linali dzinja, msewu uli matope okhaokha.

M'kalasi mwanga munali mtsikana dzina lake Wezi, amene pa masamu ankanditulutsa thukuta ine mphunzitsi wake. Ndinamuganizira, kenako ndinati ayi, ndimuvutitsiranji mwana wa mlimi ndi zinthu za ana a m'tauni? Kalatayo ndinaiponya m'dirowa. Koma ndisanatero ndinaijambula, ndinakwera pachulu paja, n'kutumizira mwana wanga wamkazi amene amaphunzira ku Lilongwe. Inu owerenga, mwaonatu? Ya mwana wanga netiweki inapezeka.

Mwana wangayo anasankhidwa. Pa holide anabwera ndi laputopu, akudandaula za funso limene linamukanika sabata yathunthu. Wezi anali atabwera kudzabweza buku. Anasuzumira, anapempha pensulo, analemba masamba awiri, yankho ilo. Kenako anandifunsa mwaulemu, ponditchula kuti aphunzitsi m'chinenero cha kwawo, "Asambizgi, zimenezi amalembetsa kuti?" Apa n'kuti ali mu Fomu 4, khomo litatsekeka kale.

Sindinaname. Ndinakatenga kalata ija n'kumupatsa. Anaiwerenga mpaka pansi, anaipinda bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. "Mukanandifunsa," anatero. "Ku Boma ndikanapita wapansi." Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sanandichokebe.

Masiku ano kalata iliyonse ndimaiwerenga pamaso pa sukulu yonse, kaya kuli mvula kaya mlatho wakokoloka, ndipo sindidzasiya. Makina a kwantamu amenewa adzayambira kwa amene ali kale ndi magetsi, izo n'zosachita kufunsa. Koma inu aphunzitsi anzanga, msewu ndi netiweki zikuwatchinga kale ana athuwa, musawonjezerepo dirowa yanu. Mwana mufunseni, akane yekha. Ine Wezi sindinamufunse.