Magdalena Anaperekeza Adona ku Armenia

Magdalena Nampeya anabadwira m'nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumunsi kwa fakitale, kumene utsi wa nkhuni za bulugama umasakanizika ndi fungo la masamba ofota. Bambo ake anali mlonda wa pageti, ndipo mayi ake, a Eneless, ankathyola tiyi. Sukulu ankaikonda, makamaka Chingerezi, koma anailekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira. Analowa m'munda pambali pa mayi ake, dengu kumsana, manja akuthimbirira chaka ndi chaka. Pambuyo pake anakwatiwa ndi Elson, kalipentala wa kwa Goliati, munthu wosachedwa kuseka, ndipo anabereka ana awiri.

Ntchito ya m'munda anaisiya chifukwa cha kuwerenga. Kapitawo wawo anamva kuti mayi wina wokalamba wa m'nyumba ya pamtunda akufuna munthu wa m'nyumba wodziwa kuwerenga Chingerezi, ndiye anamutchula Magdalena.

Mayiyo dzina lawo linali Araksi, koma aliyense pa esiteti ankangoti adona. Anthu ankawayesa Mgiriki, ena Mpwitikizi. Iwo ankakana n'kunena kuti ndi a mtundu wa ku Armenia, ngakhale kuti dzikolo anali asanalipondepo. Anabadwira ku Ethiopia, kumene mayi awo anakafika ali mwana wamasiye, atapulumuka pamene anthu a mtundu wawo ankaphedwa miyandamiyanda m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ku Thyolo anabwera ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene ankakonza makina a pafakitale. Amunawo anaikidwa konkuno. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Levoni, ankakhala ku Canada. Chichewa adona ankachilankhula chopindikapindika koma chomveka, ndipo matenda a shuga anali atawawononga maso moti ankangoona zithunzithunzi.

Magdalena ankawaphikira, kuwabaya jekeseni ya shuga monga anamuphunzitsira anamwino, ndi kuwawerengera nyuzi masana pakhonde. Sizinali zokoma masiku onse. Adona anali ndi pakamwa, ankadandaula za mchere, za mawindo, za nkhuku za anthu zolowa m'maluwa awo. Magdalena anafuna kusiya ntchito kangapo konse, koma Elson ankamuuza kuti munthu amene waona dziko n'kuyamba kulephera kuliona amayenera kulusa pang'ono.

Chaka china Levoni anatumiza buku lonenepa la chikuto chobiriwira, lolembedwera alendo opita ku Armenia. Munali mapu, mayina a misewu, malo ogona, zakudya, mabasi ndi mawu oyankhulira. Adona analigwira, kulinunkhiza, n'kulipereka kwa Magdalena kuti ayambe tsamba loyamba.

Nyuzi zija zinaiwalika. Tsiku lililonse Magdalena ankawerenga za matchalitchi akale a miyala omangidwa m'mapanga, za buledi wopyapyala wophikidwa m'dzenje la moto, za mipope ya m'misewu imene madzi ake amangotumphuka kuti wodutsa aliyense amwe. Mayina ankamupinda lilime, ndipo adona ankaseka mpaka misozi asanamukonze. Nthawi zina ankakangana ndi bukulo. Ilo linkati moni wa kumeneko ndi "barev", iwo ankati mayi awo ankati "parev", ndipo wolemba bukuyo sadziwa kanthu. Atafika pa buledi uja, adona anafotokoza mmene mayi awo ankamuwazira madzi kuti afewe. Magdalena anazindikira kuti mayi waukaliyu ankangosowa womufunsa za kwawo.

Atalimaliza anayambiranso. Ulendo wachiwiriwu adona anamudula pakati pa tsamba.

"Magdalena, ine ndikufuna ndipite ndisanafe. Koma maso ndilibe. Upita nane?"

Magdalena anati ayambe wafunsa kunyumba. A Eneless anakana poyamba, ati mwana wawo akasochera kwa anthu osadziwa ngakhale dzina la Malawi. Elson anafunsa za ana, ndipo atamva kuti agogo awo awasunga, anati apite, iyeyo sanapitirirepo Lilongwe, wina m'banjamo aone dziko. Levoni anakonza matikiti ndi zikalata, n'kulonjeza kuti adzafika kaye iyeyo ku Yerevani, likulu la dzikolo, kuti adzawachingamire pabwalo la ndege.

Ananyamuka pa Chileka mwezi wa Seputembala, jakaranda atayamba kuchita maluwa. Magdalena anagwira mpando ndi manja onse awiri mpaka ndege itakhazikika m'mwamba. Anasintha ndege m'njira, ndipo anatera ku Yerevani dzuwa likutuluka. Levoni panalibe. Foni italumikizika anapeza uthenga wakuti mkazi wake wagonekedwa m'chipatala mwadzidzidzi, ndipo afika pakapita masiku angapo. Anawapempha kuti akangokhala kuhotela osatuluka.

Adona anakhala pampando. Magdalena anayang'ana zikwangwani, ndipo zilembo zambiri zinali zokhotakhota ngati mbedza, zosawerengeka. Koma anakumbukira kuti nkhani ya pabwalo la ndegeli anaiwerenga kawiri pakhonde ku Thyolo. Anatsegula bukulo, napeza pamene linkanena za galimoto zonyamula alendo ndi malo ozipezera, osangokwera ya munthu aliyense wokukodola pakhomo. Anatsogolera adona kumeneko, naonetsa dalaivala dzina la msewu pamapu. Dalaivalayo atalankhula, adona anamuyankha m'chinenero cha mayi awo. Munthuyo anacheuka, n'kuwayang'anitsitsa, kenaka anawalankhula mawu ambirimbiri akumwetulira. Adona anamasulira kuti dalaivalayo akuti iwo amalankhula ngati agogo ake, ndiponso akuti takulandirani kwanu.

Kuhotela anakhalako tsiku limodzi lokha osatuluka. M'mawa mwake adona anavala nsapato n'kunena kuti sanawoloke nyanja kuti adzanunkhize makatani. Anagawana ntchito: Magdalena ankaona njira ndi kuwerenga mapu, adona ankafunsa anthu, ndipo buku linkawauza koyenera kupita. Linawafikitsa kumsika wa zipatso zouma, kumene amayi ogulitsa ankawalawitsa chilichonse ndipo ena ankapempha kujambulitsa ndi Magdalena. Linawathandiza kupeza sitolo ya mankhwala singano za jekeseni zitachepa. Linawachenjeza kuti m'matchalitchi ena amayi amafunda kumutu, ndiye Magdalena anamanga duku lake la ku Mvano. Pa mpope wina wa mumsewu anawagwira adona paphewa kuti awerame amwe, ndipo madzi anawanyowetsa nkhope yonse. Adona anayamba kutukwana m'Chichewa, kenaka onse awiri anaseka mpaka anthu kuima.

Bukulo linawanamizanso. Malo odyera amene linawatamanda kwambiri anawafunafuna dzuwa lili pamutu, miyendo ya adona itatupa, n'kupeza kuti tsopano ndi sitolo ya mafoni. Magdalena anapsa mtima, nalitseka mwamphamvu. Mayi wina amene ankasesa pakhomo loyandikana anawaona, nawalowetsa kuseri kwa nyumba yake pansi pa mpesa, n'kuwapatsa khofi, tchizi ndi buledi wopyapyala uja. Adona anamupapasa ndi zala, napempha madzi pang'ono, n'kumuwaza. Kenaka anadya. Pa nkhani ya moni ija panalibe wolakwa: anthu a mumzindawo ankanenadi monga linalembera buku, koma adona akanena mwa mayi awo aliyense ankadziwa kuti ndi mwana wa anthu amene anabalalika.

Chimene adona ankafunitsitsa chinali phiri la Ararati. Buku linati limaoneka bwino m'mawa kuchokera pa tchalitchi china chakale cha pakaphiri, pafupi ndi malire, ndipo linatchula pokwerera minibasi yake. Pamalopo anapeza kuti siteji inasamuka, koma mtsikana wina wa sukulu anawalondolera kwatsopanoko. Minibasi yake inali yothithikana ngati za ku Limbe, ndipo Magdalena anamva ngati ali kwawo.

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, kupuma pafupipafupi. Pamwamba, Magdalena anaima n'kuyang'ana kutsogolo. Adona anamukoka dzanja n'kumufunsa chimene akuona.

"Ndi mapiri awiri, adona, lalikulu ndi laling'ono. Lalikululo laposa Mulanje kutalitali, ndipo pamwamba pake payera ngati pathiridwa ufa. Munsimu muli minda ya mpesa, mizeremizere ngati tiyi wathu. Kutsogoloko kuli waya ndi nsanja za asilikali."

"Wayayo ndi malire," adona anatero. "Phirilo lili ku Turkey tsopano. Mudzi wa mayi anga uli kuseri kwake, kutali. M'buku lakolo mulibe."

Magdalena anavomera kuti mulibedi, analifufuza dzinalo m'masamba onse. Ankayembekeza kuti adona alira, koma iwo anangotembenuzira nkhope kumene kunkachokera mphepo n'kuyamba kuimba chapansipansi nyimbo ya mayi awo. Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi anavula chipewa n'kuitsatira. Atatha anacheza nawo nthawi yaitali, ndipo zinapezeka kuti makolo akenso anachokera chigawo chomwecho.

Akutsika, adona anamufunsa Magdalena kuti nanga kwawo kwenikweni n'kuti. Iye anati ku Thyolo. Adona anati akufunsa kumene anachokera agogo ake. Magdalena anayankha kuti amamva kuti anachokera ku Mozambique, cha ku Gurue, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi n'kudzalowa ya tiyi, koma palibe wa m'banja mwawo anapitako.

"Kwanu n'koyenda pa basi, iwe, ndipo maso uli nawo," adona anatero.

Levoni anafika mkazi wake atapeza bwino. Anadabwa kupeza mayi ake akumuuza njira yachidule yopitira kumsika. Masiku otsalawo anabwereka galimoto, ndipo Magdalena ankakhala kutsogolo, buku pamwendo, kunena kokhotera.

Atabwerera ku Thyolo, adona anakhala chaka china ndi theka, ofatsa kuposa kale, ngakhale za mchere sanasiye. Kenaka miyendo itayamba kukanika, Levoni anadzawatenga. Asananyamuke analankhula ndi a manijala a nyumba ya alendo ya pa esiteti, ndipo Magdalena analembedwa ntchito yoyendetsa alendo m'minda ya tiyi ndi m'nkhalango ya m'phiri. Ambiri amafika ndi mabuku awo a za Malawi. Anzake ena amawaseka, koma iye amapempha kuona tsamba la Thyolo, n'kuwauza zimene zili zoona ndi zimene zinasintha, kenaka n'kuwatengera kumene bukulo silinatchule, monga kwa amayi ogulitsa nthochi ndi mapeyala panjira ya ku Boma.

Chilimwe chathachi anatenga tchuthi. Mlendo wina anali atamusiyira buku la za Mozambique, ndipo masamba a Gurue anali ochepa, koma ananena za kowolokera malire, za magalimoto ndi za kogona. Anawauza a Eneless kuti akonzeke. Iwo anakananso monga mwa masiku onse, koma m'mawa wa ulendowo anapezeka atavala kale chitenje chatsopano. Anawoloka pa Muloza, nakwera galimoto yodzaza matumba mpaka kukafika.

Ku Gurue anapeza mapiri ndi minda ya tiyi ngati kwawo komwe. Chipwitikizi sankachidziwa, koma pamsika a Eneless anapereka moni m'Chilomwe, ndipo amayi ogulitsa nyemba anawazungulira. Anatchula dzina la agogo aja ndi mfunda wawo. Palibe anamudziwa munthuyo, koma mayi wina anati anthu a mfunda umenewo ndi ambiri kumudzi wina kuseri kwa phiri, kumene msewu wake unali utaduka pamlatho. Sanakafikeko. Mayiyo anawapatsa nambala ya foni ya mlongo wake wa kumudziko, ndipo a Eneless akhala akulankhula naye Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, kufunsana mayina a anthu akale mmodzimmodzi. Agwirizana kuti mlatho ukakonzedwa apitanso, ndipo ulendo umenewo Elson ndi ana akuti satsala.