Masamba Pamsewu wa ku Joni

Pa siteji ya akabaza pa Songani, ukafuna mkangano wosatha ungofunsa kuti tauni yeniyeni ndi iti. Anyamata amene sanapitirirepo Liwonde amakangana mpaka thovu kukamwa, koma mapeto ake onse amacheukira kwa Lackson, bambo wamtali wa chipewa cha nsalu, wa diso limodzi lakufa ndi nsagwada yokhota. Iyeyo ndiye anaiona mizinda, ndipo sanaionere pawindo la basi ayi. Anaipalasa ndi miyendo yake.

Lackson anabadwira kuseri kwa Domasi Mishoni. Sukulu inamukana msanga, njinga ndiyo inamulola. Ndevu zisanamere n'komwe anali atayamba kale kututa matumba a mpunga kuchokera kudambo kupita nawo pamsika, ndipo anthu ankati mwanayu akadzafa adzamuika m'manda ali pachishalo. Atakwatira Christobel anakakhala kuchikamwini, m'mudzi wa kufupi ndi Malosa. Anaumba njerwa, namanga nyumba pamalo a apongozi ake, ana awiri nabadwiramo, woyamba Mwayi. Koma munda unali wochepa, ndipo mkamwini wongokhala pakhonde amatopetsa maso a eni mudzi. Ndiye anayamba kuyenda.

Blantyre anaikonda, ngakhale zitunda zake zinkamuthyola mawondo. Ankati pakati pa tauni imeneija zonse zili pamodzi ngati m'thumba la malaya: banki, khoti, sitolo ya mmwenye, wopempha ndi wakuba, onse mumsewu umodzi, ndipo usanatuluke thukuta wamaliza tauni yonse. Ukagwa pamenepo sipalephera kupezeka wina wodziwa amalume ako. Lilongwe ndiye ankaiseka mpaka misozi. Tsiku loyamba anafunsa pa depoti kuti pakati pa tauni ndi pati, wina naloza uku, wina uko. Anapalasa kudutsa tchire, minda ya chimanga, tchire linanso, mpaka anafika pa nyumba zazitali zoyera pomwe panalibe ngakhale wootcha chimanga. Anabwerera akukhulupirira kuti amunamiza. Lilongwe, ankatero, inamwazika ngati nyemba zotayika m'lichero, koma ubwino wake ngwakuti zikavuta uli ndi kothawira.

Za Joni sankaseka. Ankayamba ndi kukula kwake, kuti basi imalowa mumzindawo iwe n'kunyamula chikwama kukonzeka kutsika, kenaka n'kugona tulo, n'kudzuka, basi ikadali mu Joni momwemo. Harare, imene anaipondako miyendo podikira basi, inali ya misewu yotambalala, kumwamba kukuoneka. Pakati pa Joni kumwamba ndi kachingwe chabe pakati pa nyumba zosanja. Eni chuma anathawamo kalekale kukamanga tauni yawo ina ya mipanda, nasiyira amphawi ndi alendo nyumba zazitalizo, zopanda madzi, mabanja atagawana chipinda ndi makatani. Zinthu zikavuta, zitseko zachitsulo za masitolo zimagwa nthawi imodzi, msewu n'kusanduka ngalande ya makoma uku ndi uku. Palibe tchire, palibe wodziwa amalume ako. Lackson akafika pamenepa, anyamata odziwa nkhani yake amayamba kukamba za mpira.

Ku Joni anaitanidwa ndi Nasser, mnzake wa ku Mangochi amene ankapalasa naye ku Lilongwe. Nasser anali atatsegula kagolosale kogulitsa usipa, nyemba ndi mpunga wa kumudzi, ndipo ankafuna munthu woperekera katundu panjinga. Hopeson, mlongo wake wa Christobel, chitsirizira cha m'nyumba mwawo, anamva za ulendowo naumirira kuti apite nawo. Anali mnyamata wa nthabwala, woimba kwaya, amene mayeso a Folomu 4 anamugwetsa kawiri. Christobel anakana, anakananso, kenaka anagonja. Tsiku lonyamuka anagwira mwamuna wake pamkono, pamaso pa a Silas, amalume a Christobelyo, mwini mbumba.

"Bambo a Mwayi, mwamutenga akuyenda ndi miyendo yake. Mudzandibwezere akuyenda ndi miyendo yake."

Lackson analonjeza mosavuta, monga amalonjezera munthu amene sanaone kanthu.

Nasser anawapatsa malamulo tsiku lomwelo anafika. Kuno osapatsa moni munthu wosamudziwa, osaima kuonerera kanthu, osafunsa njira. Ukaona chachilendo, tembenuka uzipita. Lackson anavomera zonse ndi mutu, ndipo mutuwo unasungadi. Koma miyendo ya munthu ili ndi sukulu yakeyake. Kwathu kuno masamba akayalidwa modutsa msewu, ndiye kuti pali maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa wailesi amatseka, wa njinga amatsika n'kuvula chipewa, n'kuyenda pansi mpaka atapitirira masamba achiwiri. Palibe amakuphunzitsa ndi mawu. Lackson anali atatsikira masamba otere kuyambira ali mwana, m'mvula, padzuwa, ndi thumba la mpunga kumbuyo.

Mwezi usanathe, m'mawa wina ananyamula Hopeson pa keliyala kupita naye kwa telala wina amene ankafuna wosita zovala. Atakhota pa ngodya ina pakati pa tauni anapeza nthambi zamasamba zitayalidwa kudutsa msewu. Kutsogolo kunkabwera chikhamu cha anthu, akuyenda pang'onopang'ono, akuimba nyimbo yolemera, amuna pansi, akazi pamwamba, yokoma kumva ngati ya m'tchalitchi. Anthu ena ankathamanga kumupitirira, zitseko zachitsulo zikugwa, koma Lackson sanaziwerenge zimenezo. Dzanja linagwira buleki lokha. Anatsika, navula chipewa, naimika njinga m'mbali, nauza mlamu wake kuti atsike pakudutsa maliro. Hopeson anatsika, naika manja kumbuyo mwaulemu.

Mumsewu wonsewo munatsala anthu awiri okha oima, mitu yowerama. Mwana wobadwira mumzindawo sakanaima motero. Khamulo linali losaka alendo, ndipo alendo anali atadzionetsa okha.

Lackson anaona zibonga ndi zikwanje khamu litafika kale pamphuno. Anafuna kukwera njinga, koma njerwa inamupeza kumaso, diso n'kuphulika, dziko n'kufiira. Anagwa, nsapato zikumugwera m'nthiti. Wina anamumenya ndi chitsulo pansagwada, mano n'kudzaza m'kamwa pamodzi ndi magazi. Ndi diso lotsalalo anaona Hopeson akuthamanga, akugogoda chitseko chachitsulo, china, chinanso, palibe chotseguka. Anamugwirira pa chitseko chachitatu. Anamukwapula ndi zikoti mpaka malaya anatha, namukokera pakati pa msewu, mmodzi nanyamula mwala wa m'mphepete mwa msewu ndi manja awiri. Hopeson anaitana alamu ake kamodzi kokha. Nyimbo ija sinaleke. Khamulo linamusiya Lackson wamoyo chifukwa linkayesa kuti wafa kale.

Mtembo unabwera pa ngolo yokokedwa ndi basi, a Malawi a ku Joni atasonkherana. Lackson anatsala m'chipatala, nsagwada itamangidwa ndi mawaya, ndipo anafika kumudzi manda atamera kale udzu. Nkhani inali itamutsogolera. Nasser, amene anamva kwa anthu oonera pa mawindo, anauza a Silas pafoni zimene zinachitikadi: aliyense anathawa, koma mkamwini wanu anagwira buleki, natsitsa mwanayo, naima naye pamaso pa khamu. Chifukwa chake Nasser sanachidziwe, ndipo kumudzi palibe anachifunsa. Lackson mwini, mawaya atachoka, anapeza kuti manyazi amanga pakamwa kuposa mawaya. Anene bwanji kuti mwana wa eni ake anafera ulemu?

Christobel sanakalipe, ndipo ndi chimene chinapweteka kwambiri. Ankaphika, n'kuika chakudya pamkeka, n'kutuluka. Anasamutsira mphasa yake kwa amayi ake. Dzina loti bambo a Mwayi linatha m'kamwa mwake, akafuna kanthu ankatuma mwana. A Silas, munthu wosakonda phokoso, anaitana Lackson pansi pa mtengo wa mango namuuza mofatsa kuti mbumba yakambirana. Akolole chimanga chimene anabzala, akatha atenge bulangete lake abwerere kwawo ku Mishoni. Nyumba, ana ndi mkazi zitsala. Lackson anayankha kuti wamva. Mumtima ankalira ngati mwana, chifukwa Christobel ankamukonda, ndipo kunja kwa nyumba imeneija analibe china chimene anamangapo padziko.

Anabwerera pa siteji ya Songani ndi njinga yobwereka. Anzake anazindikira msanga khalidwe lake latsopano: akamva kuti kwakuti kuli maliro, ankazungulira njira yaitali, ngakhale wokwera adandaule. Nyimbo ya anthu ambiri, ngakhale ya ana a sukulu, inkamutulutsa thukuta lozizira. Ena ankamuseka kuti Joni inamudya mutu, ndipo sankanama kwenikweni.

Chimanga chinauma, anakolola. Thumba lomaliza analimanga pa keliyala masana ena kuchokera kumunda wa kutsidya, akudziwa kuti akalitsitsa pakhomo ndiye kuti ukwati watha. Sanamve kuti m'mudzi woyandikana nawo mwamwalira gogo wina. Njira ya kumeneko imatsetsereka, n'kukhota pa nsungwi. Atangokhota, masamba anali pansi pa tayala lakutsogolo, ndipo patsogolo pake msewu unali wodzaza: amayi a Mvano ovala zoyera akuimba pang'onopang'ono, amuna akuvomera pansi, bokosi lili pamapewa.

Ulendo uno miyendo inakumbukira sukulu ya ku Joni. Lackson anaimirira pa zopalasira, chipewa chili kumutu, nalowa pakati pa anthu ngati ng'ombe yolusa. Amayi anabalalika, wina anagwera m'ngalande, nkhata za maluwa zinapondedwa, onyamula bokosi anadzandira mpaka bokosi linagunda pansi ndi ngodya imodzi. Chipongwe chotere chigwa cha Domasi chinali chisanachionepo.

Adzukulu, anyamata okumba manda, anali pambuyo ndi makasu awo, ena atalawako kale kachasu wa kumanda. Mmodzi anaponya mpini m'masipoko, Lackson n'kuuluka, thumba n'kuphulika, chimanga mbwee mumsewu. Anamugwera onse. Mipini inalira pamsana, m'miyendo, pamutu. Wina anamuponda pansagwada yomwe ija. Akulu a mpingo ankakuwa kuti asiyeni, koma mawu awo ankamira. Magazi anayenderera pa chimanga. Lackson sanadziteteze, sanapepese, sanali pa Domasi n'komwe. Anadzipinda, manja kumutu, akukuwa ndi pakamwa pokhotapo.

"Hopeson, usatsike! Si maliro awa, ndalakwitsa, si maliro! Ndinaona masamba, alamu, ndinaona masamba! Kwera tizipita!"

Christobel anali m'gulu la amayi a Mvano, buku la nyimbo lili m'manja. Anali ataona mwamuna wake akumenyedwa ndipo, tinene zoona, miyendo yake sinasunthe poyamba. Koma mawu aja atamufika, anayang'ana masamba ali mumsewu, nayang'ana chipewa chili m'fumbi, ndipo chimene palibe anamuuza chaka chonse chinamveka chokha. Anataya buku, nakankha anyamata awiri, nadzigwetsa pamwamba pa Lackson. Mpini umene unali kale m'mwamba unatera pa mkono wake, fupa linamveka kuthyoka. Pamenepo adzukulu anabwerera m'mbuyo, manyazi atawagwira poona bulauzi yoyera ya Mvano ili magazi okhaokha.

A Silas anafika akupuma mwamphamvu, nayamba kupepesa kwa eni maliro kuti munthuyu mutu wake sukuyenda bwino, ndipo kwawo akubwerera mawa lomwe. Christobel anadzutsa mutu ali chigonere.

"Malume, mbuzi ya chipongwe ichi tilipira ife, a m'nyumba mwanga. Koma bulangete la bambo a Mwayi lili m'nyumba mwawo, ndipo likhala momwemo."

A Silas anayang'ana mkono wa mwana wa mlongo wawo ukulendewera, natembenukira kwa eni maliro kukamba za mbuziyo.

Maliro ananyamulidwa napitirira. Amayi awiri anatsala kumanga mkono wa Christobel ndi chitenje, wina natola chimanga chimene chinali chisanadetsedwe. Lackson anakhala tsonga m'mbali mwa msewu, nzeru zikubwerera pang'onopang'ono. Atazindikira amene wakhala pambali pake, anagwetsa nkhope. Christobel anamufunsa motsitsa mawu ngati ku Joni kuja kunali masamba, ndiponso ngati ankaimba. Lackson anavomera ndi mutu. Anafunsanso ngati Hopeson anavula chipewa, Lackson nati analibe chipewa, anangoika manja kumbuyo.

Christobel analira pamenepo, kulira kumene anakusunga chichokere tsiku la maliro a mlongo wake. Atatha, anatola chipewa chija ndi dzanja lamoyolo, nachikuntha fumbi pa bondo, nachiika m'manja mwa mwamuna wake.

"Nanenso ndikanatsika, bambo a Mwayi," anatero.

Njinga inali itapindika tayala. Anaikoka awiriwo, wina ndi dzanja limodzi, wina akutsimphina, nayenda pansi mpaka anapitirira masamba achiwiri.