Benchi ya Mbawa ndi Swaumu ya Che Saidi

Ntchito ya kwa Che Saidi anandipezera ndi alamu anga. Panali patatha miyezi inayi chimwalirireni mkazi wanga Tereza, ndipo ndinali nditasiya kuphunzitsa ku Mposa n'kukakhala kwa achemwali anga ku Nkaya. Sindinkadwala. Ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana njanji. Tsiku lina alamuwo anandisenzetsa mpando wothyoka mwendo, ati ndiwaperekeze kwa kalipentala. Titafika pashedi ya Che Saidi, alamuwo anawauza kuti, "Uyu ndi uja ndinkanena. Sukulu anapita, koma manja alibe chogwira."

Che Saidi anatembenuza zikhatho zanga. "Choko chokhachokha," anatero. "Aphunzitsi, mawa sikisi koloko."

Iwo anali atapuma pantchito ku njanji, kumene anagwirako ukalipentala mpaka kumera imvi. Sankapanga mipando yatsopano. Ankadzutsa yakale: mabenchi ndi mipando yapanja yochokera kumalo ogona alendo ku Liwonde ndi kumaparishi, yokhala pamvula ndi padzuwa mpaka kutuwa.

Choyamba tinkatsuka ndi burashi yolimba ndi sopo, n'kuumika pamthunzi masiku awiri, chifukwa thabwa lonyowa likaombedwa ndi dzuwa limang'aluka. Kenako tinkabaya miyendo ndi nsonga ya msomali. Ukalowa mosavuta ndiye kuti chiswe kapena chinyontho chinadya kale mkati, ndipo mwendowo tinkaudula n'kulumikiza mtengo wa mtundu womwewo, mbawa ku mbawa, mlombwa ku mlombwa. Vanishi wakale tinkamupala ndi chidutswa cha galasi, kenako sandipepala wokhakhala, kenako wosalala, kutsata mmene mitsempha ya thabwa yayendera. Misomali yadzimbiri tinkaizula, kuboola pamalopo, n'kukhomamo zikhomo zamtengo zopaka guluu. Pomaliza tinkapaka mafuta. Che Saidi ankati vanishi panja amangosendeka mvula ikagwa kawiri.

Anali ndi matenda a shuga ndipo sankabisa. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kutsata njanji mpaka pakamlatho n'kubwerera. Tiyi ankamwa wopanda shuga, mapiritsi sankaphonya. "Anzanga amene tinapuma nawo anagula mipando yofewa n'kukhalapo," anandiuza tsiku lina. "Ambiri tinawaika. Ine mipando ndimakonzera ena."

Ndinkawaopa, koma osati chifukwa cha ukali. Ndinkaopa thupi lawo. Akatsokomola ndinkasiya kupala. Akawodzera masana ndinkayang'ana pachifuwa kuti ndione ngati pakukwera ndi kutsika. Sindinauzepo munthu.

Mwezi wa Ramazani utaoneka, Che Saidi anayamba swaumu, osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndinamva mkazi wawo, Abiti Juma, akuwauza kuti ayambe akafunsa kuchipatala za mapiritsi aja. Iwo anayankha kuti anayamba kumanga swaumu mapiritsiwo asanabadwe. Ine ndine Mkatolika. Ndinaona kuti nkhaniyo sindingaiponde, ndipo madzi anga ndinkakamwera kuseri kwa shedi.

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri. Abiti Juma anali atapita kumaliro ku Balaka, pakhomo panali ife awiri. Tinkamanga benchi yaitali ya mbawa imene eni ake ankaifuna Loweruka. Ntchito ya guluu siifuna kuimirira panjira. Mukapaka, muli ndi mphindi zochepa zoti mulowetse mbali zonse, mukhome ndi nyundo yamtengo, mumange makalampu opanira matabwa, muyeze ndi sikweya, guluu asanagwire.

Tinapaka cha m'ma thuu koloko. Che Saidi anatenga thabwa lakumsana n'kuyamba kulikakamiza m'bowo la mwendo wakutsogolo. Munthu amene ankaona kupendekeka kwa tsitsi limodzi. Ndinati, "Bambo, si pamenepo." Anandiyankha m'Chiyao, mawu okokeka, pamene ankadziwa kuti Chiyao changa chimathera pamoni. Nyundo inawagwa. Nditagwira dzanja lawo linali lozizira, likunjenjemera, malaya ali nyowe ndi thukuta.

Ndinadziwa chimene chinali. Ku koleji anatiphunzitsako za mwana wa shuga akafooka m'kalasi. Che Saidi anali atamwa piritsi m'bandakucha monga masiku onse, n'kugwira ntchito maola asanu ndi atatu m'mimba mulibe kanthu.

Ndinawakhazika pansi, msana kukhoma. "Bambo, shuga watsika. Mumweko kanthu kotsekemera."

"Iyayi. Ndamanga."

Ndinaimirira ndi kalampu m'manja. Sindidziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinkaganiza kuti ndine mlendo pakhomopo, wachipembedzo china, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zoposa makumi atatu. Ndinkaganiza zothamangira kumzikiti kukaitana wina woyenera kulankhula nawo, koma kupita ndi kubwera kunali kutali.

Tereza anamwalira ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Kwa sabata ziwiri ndinkaona nkhope yake ikutupa, akudandaula mutu, akuti m'maso mukuchita nkhungu. Nditanena za chipatala, azakhali ake anati, "Izi ndi za amayi, bambo, mwamuna salowerera." Ndinakhala chete, n'kumati ndi ulemu. Anakomoka Lamlungu m'mawa akumanga duku kuti tizipita ku Misa. Ndinataya awiri.

Mutu wa Che Saidi unayamba kugwera paphewa. Ndinaponya kalampu pansi n'kulowa m'khitchini mwa Abiti Juma, malo amene ndinali ndisanapondemo. Ndinavundukula zitini zitatu ndisanapeze shuga wa alendo. Ndinathira masupuni atatu m'kapu ya madzi, kutakasa ndi chala, n'kuthamanga nayo. Anaikankha, inatayikira pathalauza langa. Ndinabwerera kukasungunula ina, mwachangu moti shuga wina anamwazikira pansi.

Ulendo uno ndinagwada, ndinawagwira kumbuyo kwa khosi. Maso anali otsegula ndipo ankatha kumeza malovu. Akanakhala atakomokeratu sindikanawathira kanthu m'kamwa. Ndinati, "Che Saidi, tchimoli ndi langa. Mukadzafunsidwa mudzati mphunzitsi anandikakamiza. Ine sindingaikenso munthu wina chaka chino. Imwani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula pakamwa.

Ndinakhala nawo pansi pomwepo, chala changa chili pamtsempha wa dzanja lawo, ndikuwerenga. Patapita mphindi khumi kapena kuposerapo kunjenjemera kunachepa. Anayang'ana kapu, anayang'ana dzuwa limene linali likadali pamwamba, n'kunena m'Chichewa chomveka bwino, "Mwandichita chiyani inu?"

Ndinaitana wa njinga yamoto, ndinawakhazika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira. Kuchipatala anawabaya chala, anawapatsa chakudya, anawasunga mpaka madzulo. Dokotala anandifunsa chimene ndinawapatsa, nditamuuza anangoti, "Mukanadikira dzuwa kulowa bwenzi tikulankhula zina." Nditamva zimenezo ndinakakhala pabenchi ya odwala.

Masiku awiri Che Saidi sanandilankhule. Ndinkabwera sikisi koloko, kupala mipando ndekha, kubwerera. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ntchito yatha. Tsiku lachitatu Abiti Juma anandiimitsa pachipata. Anati a shehe anabwera kudzawazonda, ndipo anawauza kuti wodwala matenda osatha sakakamizidwa kumanga, angathe kumadyetsa wosauka m'malo mwake. "Zomwezo ndinkanena ine," anatero. "Koma mawu a mkazi amafuna ndevu kuti amveke. Ndipo inu, tsiku lina mukadzafuna shuga, ali m'chitini chofiira. Mwandisokonezera khitchini yonse."

Benchi ija inali itauma mmene tinaisiyira, yopotoka, thabwa lakumsana lili theka m'bowo losayenera. Loweruka linali litadutsa. Che Saidi anatuluka, anaizungulira kawiri, anaigwedeza. "Guluu mwamusiya aume chonchi? Ntchito yoipa, aphunzitsi." Anandipatsa tchizulo ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Tinatha tsiku lonse tikufewetsa guluu, kumasula mbali imodziimodzi, kupala mabowo. Masana anakhala pansi n'kudya pamaso panga mbatata yowiritsa. Ndinaona kuti kudya kumeneko kunkawapweteka kuposa matendawo, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Ndinakhala nawo chaka ndi theka, kenako ndinabwerera kukaphunzitsa. Mabenchi ndimakonzabe Loweruka. Ukalipentala ndinauphunzira pang'ono chabe, koma chimene ndinachoka nacho ndi ichi: ndikaona dzanja la munthu likunjenjemera, kapena nkhope yosintha, ndimafunsa. Akandiuza kuti sizikundikhudza, ndimafunsanso, ndipo sindichoka. Mantha sanathe. Chichokereni ku Nkaya ndakalipidwa kangapo chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala ali bwinobwino, ine n'kuchita manyazi. Manyazi amenewo amatha pofika mawa, ndiye ndimawalandira.