Tambala wa Amayi m'Sitolo ya Payi

Kambale kamalata aka, kamene adzukulu anga akufuna kutaya ati kachita dzimbiri, ndinakatenga ku Kabula ndili kamtsikana. Wokataya adzandidziwa. Munali payi m'menemu, chakudya cha azungu, nyama yotsekeredwa mu mkate, ndipo anaphika ndi amalume anga.

Chinali chaka chimene tinakolola mtedza wambiri. Chisanu chitangoyamba, amayi anati tikaone abale kutauni. Koma khutu la mwana silitseka, nkhani yeniyeni ndinkaidziwa: ankafuna kukandisiya kwa amalume kuti ndiziphunzira ku Mishoni. Amalumewo ndiwo anali eni mbumba yathu, ndipo pamtundu ponse ndi okhawo amene anali pantchito, yophika m'sitolo ya dona wina wachizungu ku Kabula. Sukulu yanga inkadalira ntchito imeneyo basi.

Tinanyamuka wapansi kuchokera kwathu ku Chiradzulu, amayi atasenza dengu la mtedza ndi ufa, ine nditakupatira tambala wofiira womangidwa miyendo ndi luzi. Kutopa? Ndani? Njira yonse ndinkangodumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Ku Limbe tinafika kuli chiperoni, kamvula kosaoneka koma kolowa mpaka m'mafupa. Tinafikira kwa azakhali, amene amuna awo ankagwira ntchito kunjanji. M'mawa sitima italira ndinaliyatsa liwiro, n'kukabisala kuseri kwa mtondo, azakhali n'kuseka mpaka misozi. Pofika madzulo ndinali ine wouza ana anzanga kuti sitima si kanthu.

Tinakachezanso kwa mnzawo wa amayi wapaubwana, Myao wokwatiwa ndi telala wosoka pakhonde la Mmwenye. Kumeneko ndinalawa tiyi wa shuga, ndipo ndinanyambita kapu mpaka amayi kunditsina. Kenako tinapita kwa aphunzitsi amene kale ankaphunzitsa kwathu asanasamukire ku Mishoni. Anandiwerengetsa zilembo, n'kugwedeza mutu. "Nzeru zilimo umu. Amalume ake akangomusunga, abwere." Usiku wake tulo sitinabwere chifukwa cha chimwemwe.

Paliponse amayi ankachita chimodzimodzi: odi pakhomo, kugwada, kulonjera mwini nyumba, n'kutapa kanthu m'dengu. Dengu linapepuka, koma tambala sanamupereke kwa aliyense. "Uyu ngwa dona amene akusunga mlongo wanga," ankatero. Azakhali anawachenjeza kuti kusitoloko anthu akuda amalowera kuseri, kumene kuli nkhuni. Amayi anayankha mokwiya: "Kuseri kumalowera mbala. Ine ndine mlendo."

Sitoloyo tinaimva ndi mphuno tisanaione. Fungo la anyezi, nyama ndi mkate wotentha linatichingamira pamsewu wafumbi lofiira, pakati pa ngolo za ng'ombe ndi njinga. Pawindo lagalasi panali mapayi ali ndandanda, ofiirira, akutuluka nthunzi. Mayo ine, malovu! Ndinaiwala ngakhale dzina langa.

Amayi anakonza mpango wawo, n'kugwada pakhomo lakumaso lenilenilo, n'kuomba m'manja. "Odi! Odi kuno eni ake!" Azungu amene ankadya pamatebulo onse anacheuka. Dona anatulukira, wamtali, tsitsi ngati ndevu za chimanga. Amayi analanda tambala kwa ine n'kumupereka ndi manja awiri, mwaulemu wonse wa kwathu. Luzi lija, poti linayenda masiku, linali litatha.

Phuruu! Tambala patebulo. Makapu phwaa! Anadumphira pachipewa cha mayi wina, n'kukatera pakati pa mapayi, n'kulira ngati kwacha. Ine ndinakwawira pansi pa matebulo kumuthamangitsa, ndikuseka mpaka m'mimba kupweteka. Kunena zoona, sindinasekeponso choncho moyo wanga wonse, ndipo mpaka lero ndikakumbukira chipewa chija ndimayamba ndaseka kaye, chisoni chimabwera pambuyo.

Amalume anatuluka kukhitchini atavala nsalu yoyera, mikono ili mbuu ndi ufa, n'kumugwira tambala kamodzi kokha. Dona anawakalipira m'Chingerezi nthawi yaitali, akuloza khomo, akuloza ife. Amalume, munthu amene kwathu akatsokomola pamlandu aliyense ankakhala chete, anangoima chowerama, tambala ali m'khwapa.

Kuseri kuja, pamulu wa nkhuni, anatulutsa kambale aka muli payi yotentha. "Idya, mwana wa mlongo wanga." Ndinaluma. Msuzi unandiwotcha lilime, unatsikira m'chigongono, ndipo ndinaunyambita komweko. Amayi anakana kulawa. Ankangobwereza kuti, "Ine ndimati ndilonjere." Amalume anati, "Simunalakwe, mlongo. Kwa eni kulibe mkuwe." Kwa eni! Mawu amenewa amandipsetsa mtima mpaka lero. Pamene panali sitoloyo agogo a anthu ankalimapo mapira.

M'mawa mwake tinanyamuka kubwerera. Za sukulu palibe anatchula, ine n'kumaganiza kuti tikukatenga zovala zanga. Amalume anati atiperekeze. Anasenza mphasa yawo yokulungidwa ndi kamtolo, ndipo nsalu yoyera ija sanavale. Mwambo wake wa kuperekeza mumaudziwa: umafika pamtsinje, n'kunena kuti muyende bwino, n'kubwerera. Tinadutsa mtsinje, iwo ali nafe. Tinadutsa Limbe, iwo ali nafe. Phiri la kwathu linayamba kuoneka, iwo ali patsogolo, tambala ali m'khwapa, amayi ali m'mbuyo.

Ku Mishoni sindinapiteko. Amalume anafera kumudzi akulima fodya, osawadandaulira amayi ngakhale tsiku limodzi. Koma tsiku lija ine ndinalowa m'mudzi ndikuimba, ndikuomba kambale kanga ndi kamtengo, ndikuuza aliyense wokumana naye kuti palibe mwana wokondedwa ngati ine, chifukwa amalume a ena amaperekeza kulekeza pamtsinje, koma anga atiperekeza mpaka pakhomo.