Sitima yosakhudza njanji

Lachiwiri ndinakwera Subway, sitima yoyenda pansi pa nthaka ya mumzinda wa kunja kuno, ndi mwana wanga Tadala, yemwe akumaliza maphunziro a uinjiniya pa yunivesite ya ku Hillhead. Pokhota, sitima inalira kwiii, ine n'kutseka makutu.

"Amayi, ndi mawilo amenewo, akukhulana ndi njanji," anatero. "Kumene akundiitana kukagwira ntchito ku Japan akupanga sitima zoyandama. Sizikhudza njanji."

"Zoyandama? Iwe, ndinalekera sitandade 7 koma usandipusitse."

Titafika kunyumba ku Govanhill anatulutsa maginito awiri m'chikwama, nati ndiwagundanitse. Ndinakanikiza mpaka zala kuwawa, koma ankakanana, pakati n'kutsala kampata. Akuti kampata kotere ndi kamene kamanyamula sitima yonse. Popeza palibe chokhulana, phokoso limachepa, zitsulo siziperepeseka msanga, ndipo liwiro lake ndi loopsa.

Ndinayamika Mulungu wopatsa anthu nzeru. Koma a ku Japan aja yankho la Tadala akulifuna Lachisanu, ndipo ine kwa mwezi wathunthu ndakhala ndikungoti, "Tipempherere kaye."

Abale anga, kodi ife a kunja kuno sitinasanduke sitima zotere?

Mayi anga ali ku Balaka. Ndili mtsikana tinkakangana tsiku ndi tsiku: mchere wachuluka, chitenje wamanga mopotoka, kutchalitchi wachedwa. Lero timalankhula pafoni Lamlungu lililonse. "Muli bwanji amayi?" "Tili bwino, kaya inu?" Zaka zonsezi sitinayambanepo. Ndinkayesa mtendere. Mwezi watha ndinamva kwa mlamu wanga kuti mayi anagona m'chipatala masiku anayi, osandiuza. Akuti asandidetse nkhawa.

Mundikhululukire, ndi mwambi wa makolo: matako saleka kuperesana. Operesana ndi amene ali pamodzi. Ndikulakalaka mayi anga atandikalipiranso za mchere, nditakwera sitima yathu ija yogwedeza mafupa, n'kutsika pa Balaka fumbi lili m'tsitsi.

Ndiye Tadala naye adzayambe kundiyankha kuti "tili bwino"?

Lachinayi ndinagwada kupemphera, kenako ndinamuitana. "Pita mwanangu. Amene anakupatsa mutuwo sanati ukhale nawo m'khitchini muno. Koma ukadwala uzinena. Ndikakulakwira uzindikalipira, ngakhale pafoni."

Anaseka misozi ili m'maso. "Ndiyambe pano? Mwaikanso mapoto onyowa m'kabati."

"Nyumba ino ndi yako kapena yanga?"

Tinakangana bwinobwino, ine mumtima ndikuti zikomo Ambuye.

Maginito aja wandisiyira. Wandionetsa kuti ukatembenuza amodzi, amathamangirana n'kugwirana, phaa! Ndawaika pawindo ali chigwiranire.

Lamlungu lino ndikawaimbira mayi anga sindilandira "tili bwino". Ndiwafunsa za chipatala, akwiye ngati akwiye.

Nanga inu, munakangana liti komaliza ndi munthu amene mumamusowa?