Beseni la Amayi ndi Fumbi Lochokera Kumwamba

Ife a Sabata sitimwa tiyi. Timamudzala, timamudulira, timamuthyola mpaka zala kuda, koma pakamwa ayi. Ine ndakulira ku nazale ya esiteti kufupi ndi Makwasa, kuika timitengo ta tiyi m'machubu, ndipo kukoma kwake ndimangomvera kwa anzanga a mipingo ina. Mng'ono wanga ankatiseka nazo zimenezi kuyambira ali mwana. Iyeyo ndiye anali wa mafunso osatha pakhomo pathu, ndipo sukulu inamutenga mpaka kunja kwa dziko, kumene amagwira ntchito ya kemisitiri.

Chaka chimene anabwera kudzationa, mbiri yake inafika iye asanafike. Mayi wina wa kutchalitchi, amene sasunga nkhani ngakhale itakhala ya nkhuku, anamuona pa foni akulankhula Chingerezi pagulu. Anathamangira kwathu n'kuuza amayi kuti, "Mwana wanu akuuza azungu kuti anthufe tinachokera ku miyala." Mwana wawo atatsika minibasi Lachinayi, amayi anamupatsa moni wouma ngati mlendo wogulitsa sopo, n'kulowa m'nyumba.

Sabata limenelo linali la mgonero. Kwathu tisanadye mkate timayamba tatsukana mapazi, amuna kwaokha, akazi kwaokha, awiriawiri. Amayi anali dikonesi, wosunga mabeseni ndi matawulo, ndipo kuyambira pamene mng'ono wanga anabatizidwa, akakhala pakhomo mapazi ake ankatsuka ndi iwowo. Mpingo wonse unkadziwa zimenezi. Akanamulambalala pamaso pa azimayi onse aja, ndinkadziwa kuti mwanayo akwera ndege osadzabweranso. Mtima wake ndi wa amayi womwewo, wosapindika.

Lachisanu m'mawa ndinamukokera kumunda wa tiyi kuseri kwa nazale, nditakwiya.

"Iwe, unanena chiyani kwa azungu ako aja?"

Anaseka, n'kuthyola nsonga ya tiyi, masamba awiri ndi kamphukira, monga tinaphunzirira tili ana. Anaifikisa m'manja n'kundinunkhitsa.

"Achemwali, mverani kaye. Kumwamba kutali, kupitirira mwezi, kuli miyala ikuluikulu yongoyandama. Anthu anatumiza chombo chopanda munthu, chinakatapa fumbi pa mwala wina n'kubwera nalo. Fumbi lakuda bii, lochepa, loti simungadzaze nalo kapu. Lakhala kumeneko dziko lino lisanakhale ndi mtengo kapena nyerere."

"Ndiye fumbilo latani?"

"M'fumbi limenelo, ndi m'miyala ina imene imagwa yokha kuchokera kumwamba, tikupezamo tizidutswa timene thupi limamangira mnofu. Tikupezamonso tina ta m'kati mwenimweni mwa thupi, timene timachititsa kuti mwana afanane ndi make. Ndipo chowawa cha m'tsamba ili, chimene amayi amati chimathawitsa tulo, n'chapachibale ndi kanthu kena kamene anakapeza m'miyala imeneyo."

Ndinayang'ana tsamba lofikisa lija m'dzanja lake. Ndinafunsa ngati ndiye kuti apeza moyo kumeneko.

"Ayi ndithu. Tapeza njerwa, nyumba sitinaipeze. Mmene tizidutswa timeneti tinakhalira chinthu chopuma, chokula, chobereka, palibe akudziwa. Timasakaniza m'mabotolo, kutenthetsa, kuumitsa, kunyowetsanso, kudikira. Ine n'zimene zimandidzutsa m'mawa uliwonse, achemwali. Za kuchokera ku miyala sindinanene."

Ndinaima pamenepo, mizere ya tiyi ikutsetsereka mpaka kukhwawa, azimayi othyola ali ndi madengu kumsana, phiri la Mulanje likuoneka patali. Ndinali nditaona zimenezi moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinachita nazo mantha, mantha okoma. Ndinkagwira timitengo ta tiyi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti tili ndi abale kuseri kwa mwezi. Ndinafuna kugwada, koma pansi panali mame ndipo chitenje chinali chochapa kumene.

Madzulo ake, tikusita matawulo a mgonero dzuwa lisanalowe, ndinafotokozera amayi zonse. Ndinazisokoneza, chombo ndinachisandutsa ndege, koma za fumbi lakuda ndi njerwa zopanda nyumba ndinanena bwino. Amayi ankangopinda matawulo. Nditamaliza anati, "Dzuwa likulowa, chotsa makala mu simbiyo." Ndinapsa mtima kwambiri, koma Sabata linali litayandikira, ndinangomeza.

M'mawa mwake, ulaliki utatha, akazi tinalowa m'chipinda chathu. Wina anayambitsa nyimbo. Amayi ankagawa mabeseni n'kumathira madzi ochokera mu ndowa, nkhope ili gwa. Mng'ono wanga anakhala kumapeto kwa benchi atavula nsapato, mapazi ake atayera chifukwa cha masokosi a kudziko lozizira. Azimayi anapezana awiriawiri, iye anatsala yekha. Mayi wa foni uja ankaimba mokweza, diso lili komweko.

Amayi anagawa matawulo onse, n'kutsala ndi limodzi paphewa. Anaima pakati pa chipinda osasuntha. Ine ndinalephera kupirira, ndinadzuka kuti ndikamutsuke ndekha mwanayo.

"Khala pansi iwe," amayi anatero osandiyang'ana.

Ananyamula beseni, n'kukagwada pamaso pa mwana wawo, maondo akulira. Anagwira phazi limodzi n'kuliika m'madzi. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva kunong'ona kwawo pansi pa nyimbo.

"Akuti fumbilo n'lakuda?"

"Eya, amayi."

"Unaligwira?"

"Ndi manja ayi, salola. Koma ndinaliona ndi maso angawa."

Amayi anatikita chidendene pang'onopang'ono. Kenako anati, "Buku limati anatiumba ndi dothi. Silinanene kumene anakatapa dothilo." Anayang'ana m'beseni n'kufunsanso.

"Nanga madziwa?"

"Akuti mwina ena mwa madzi a padziko anabwera ndi miyala yomweyo, kalekale."

Amayi anatulutsa manja m'beseni n'kuwayang'ana akudontha. Anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka nyimbo inatha wina n'kuyambitsa ina. Anang'ung'udza mawu m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira pemphero la pa mavuto ndi pa chimwemwe chachikulu. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinaibise.

Anapukuta mapazi onse awiri, pakati pa zala pomwe, monga ankachitira tili ana. Ali chigwadire, anakweza maso.

"Ukadzapeza mmene anachitira, usakayambe kuuza azungu. Udzayambe ine."

"Mwina sitidzapeza, amayi."

"Ndiye uzibwera kudzandiuza pamene mwafika."

Amayi anagwira benchi n'kudzuka movutikira, n'kukhala pamalo pamene mwana wawo anachokapo. Anavula nsapato zawo za pulasitiki n'kutambasula mapazi aming'alu, amene anayenda m'mizere ya tiyi kuyambira ali mtsikana. Mng'ono wanga anakatunga madzi ena mu ndowa, n'kugwada.